Mchere wa Anti Everlyn

Anti Everlyn sakwera lifiti. Fulati yathu ku Discovery Gardens, kuno ku Dubai, ili pa fulo yachinayi ndipo lifiti yake ndi yabwinobwino, ya kalilole ndi kanyimbo komwe, koma iwo Lachisanu lililonse ankadzera pa masitepe, Baibulo m'khwapa, jumbo ya nthochi zaziwisi kumanja, n'kufika pakhomo pathu akupumira m'mwamba. Ine ndinkathamangira kukatsegula chitseko chifukwa cha moni wawo. "Mwaghona, Zahra," ankatero, moni wa kwawo ku Karonga, ndipo ine ndinkayankha molakwitsa dala kuti andikonze.

Si anti anga enieni ayi. Ife ndife Asilamu a ku Machinga, ababa amagwira ntchito pa weyahausi ina ku Jebel Ali, pomwe iwo ndi Mkhristu wa kwaya. Anakumana ndi amayi ku Naif, mu shopu ya nsapato. Amayi akuti anangomva mzimayi wina akudandaula yekha m'Chichewa kuti nsapato za kuno anapangira anthu opanda zala, ubale n'kuyambira pomwepo. Tchalitchi chawo chili pafupi ndi kwathu, ndiye pa ofu yawo ankanyamuka ku Mirdif m'mawa, pa basi mpaka ku Rashidiya, pa sitima ya metro mpaka kuno, kupemphera, kenako kwathu. Ababa akamabwera ku mzikiti ku mapemphero a Juma iwo amakhala atalanda kale khitchini.

Ndipotu amaphika. Asanabwere kuno ankaphikira alendo pa resitihausi ina ku Karonga boma, ndipo mbalagha yawo, nthochi zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, imakhalitsa chete ngakhale Anti Rosta. Anti Rosta ndi a ku Chipata, amaluka tsitsi mu saluni ina, ndipo ntchito yawo yachiwiri ndi kugemula aliyense wokhala naye pafupi. Anti Everlyn salawa n'komwe akamaphika. Amangonunkhiza nthunzi n'kudziwa kuti mchere wakwana. Ine ndinayesapo, ndinangopsa mphuno.

Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana ali naye mmodzi, Lennah, amene amakhala ndi achemwali awo kumudzi. Ku Dubai anti anabwera mu 2006 ndipo sanasinthepo nyumba: ndi kwa bwana Samer ndi madamu Dalia, a ku Jordan, mu vila ina ku Mirdif kumene ndege zimadutsa pamutu penipeni. Anafika mwana wa m'nyumbamo, Tala, ali ndi masabata atatu. Anamubereka kumsana ndi chitenje, madamu akuyenda pambuyo manja ali chotambasula kuopa kuti agwa. Tala ameneyo akapunthwa amalira kuti "mayo ine." Ndinamumva ndekha, kamwana ka Chiarabu ka tsitsi lopiringizika kakuti mayo ine, ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Chuma chitasokonekera mu Dubai, bwana Samer anali m'gulu la oyamba kukhudzidwa. Iwo ndi injiniya wa konkire, ndipo nyumba yaitali imene ankamanga inangoimira pa fulo ya 12, makireni ali duu pamwamba ngati aiwala chimene anabwerera. Mu msewu wawo ku Mirdif mavila ankangotsekedwa, madzi a m'maswimingi n'kubiriwira, atsikana antchito akubwezedwa kwawo mmodzimmodzi. Ngakhale kwathu kuno theka la mawindo a buloko yathu linalibe makatani. Bwana Samer anakhala miyezi yambiri pakhomo, akuthirira maluwa atavala kabudula. Madamu anagulitsa galimoto yawo, koma Anti Everlyn sanawabweze. Zimenezi anti sanaziiwale, ankazinena pafupifupi Lachisanu lililonse.

Kenako bwana anapeza ntchito kumadzulo kutali, kupitirira Abu Dhabi, m'mphepete mwa nyanja, kumene boma linkakonza zomanga malo opangira magetsi a nyukiliya. Kunyumbako kunali chisangalalo, mpaka anti anatibweretsera kunafa yotsala, ija ya tchizi yotsekemera. Anagwirizana kuti sukulu ikatseka mu Juni banja lonse lisamukira ku Ruwais, kufupi ndi ntchitoyo, ndipo anti apita nawo. Nthawi imeneyo mawu oti nyukiliya kwa anti anali ngati dzina la kampani basi.

Za lifiti zija zinayamba chonchi. Mu Disembala 2009 anapita kwawo pa holide, n'kukapezana ndi zivomezi za ku Karonga. Osati chimodzi. Nthaka inkangogwedezeka lero, mawa, mkucha, kwa masabata. Anti anali atamanga nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, ndipo mmisiri wake anali wotchuka dera lonselo. Akuti pomaliza anamenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti nyumba iyi zidzukulu zanu zidzaipeza. Khoma lomwelo ndi limene linagwera Lennah pamwendo. Anachira, koma mpaka pano amatsimphina pang'ono. Anti ndi abale awo anakhala masabata atatu pa bwalo la sukulu, pansi pa pepala la pulasitiki, mvula ikugwa, nyumba yawo akuionera patali. Atabwerera ku Dubai anaima kutsogolo kwa lifiti yathu, n'kuiyang'ana, n'kutembenukira ku masitepe.

Tsiku limene ku Japan kunachitika chivomezi ndi sunami linali Lachisanu, mu Malichi 2011. Anti anafika kuchokera ku tchalitchi n'kupeza tonse tili pa TV. Madzi akuda ankayenda m'minda atanyamula magalimoto, nyumba, ngakhale sitima. Jumbo ya nthochi sanaitule. Tsiku limenelo anaphika ndi amayi.

Lachisanu lotsatira nkhani inali itasintha. Tsopano ankaonetsa malo a nyukiliya a ku Fukushima akufuka utsi, anthu atavala zoyera thupi lonse, ana akuwayeza ndi timakina. Ababa anafotokoza kuti m'menemo mumatuluka poizoni wosaoneka, wosanunkha, amene amadwalitsa anthu ngakhale patapita zaka. Anti Rosta anati, "Ndiye Everlyn, ku Ruwais kwanuko muzikabwera mukuwala mumdima, sitizavutika na tochi." Tonse tinaseka. Anti Everlyn anamwetulira pang'ono, maso ali pa TV, pamene mtolankhani ankanena kuti anthu a kufupi ndi malowo akugawiridwa ayodini kuti adziteteze.

Tikutsuka mbale anandifunsa chapansipansi ngati ayodini ameneyo ndi yemwe uja wa mumchere. Ine nkhani ya ayodini tinali titangophunzira kumene ku sayansi, ndiye ndinasangalala kuti munthu wamkulu akundifunsa ine. Ndinati eya, ndi yemweyo ndithu, amapita pakhosi apa. Ndinalozanso pakhosi panga. Sanafunsenso china, ndipo ine ndinaiwala.

Koma anti anali ndi zawo m'mutu. Kwawo pa msika alangizi a zaumoyo ankabwera ndi kabotolo, n'kudonthezera mankhwala pa mchere wa ogulitsa. Ukasanduka wa pepo ndiye kuti uli ndi ayodini, ndi wabwino, umateteza khosi kuti lisatupe. Wailesi inkanenanso zomwezo tsiku ndi tsiku. Ndiye iwo anaganiza kuti kwatsala miyezi itatu kuti asamuke, ndipo ngati atayamba msanga, pang'onopang'ono, pofika Juni matupi a anthu onse a m'nyumbamo adzakhala atadzaza ayodini. Chikadzachitika chochitika kumeneko, poizoniyo adzapeza malo onse atatha.

Zimene zinkachitika ku Mirdif ife tinazimva pambuyo pake. Anti anayamba kuchulukitsa mchere mu mpunga ndi mu supu wa mphodza. Madamu anadandaula, anti anati sore madamu, mawa lake chimodzimodzi. Madamu anabisa botolo la mchere m'chipinda mwawo, chakudya n'kumawawabe, chifukwa anti anali ndi mapaketi awo pansi pa bedi, ogula m'magolosale osiyanasiyana kuti asadabwitse anthu. Ankatsina pang'ono mu tiyi wa bwana akabwera pa wikendi, pang'ono mu mkaka wa Tala. Iwonso ankadya, kuposa onse. Bwana Samer ali ndi vuto la bipi, ndipo atapita ku chipatala dokotala anawakalipira kuti akudya chiyani. Anzawo a madamu anati nkhani yake ndi yodziwika: wantchito akafuna kuchoka koma akuopa kunena, amayamba kuwononga chakudya kuti mumuchotse nokha. Madamu sanafune kukhulupirira, mpaka Lachinayi lina analowa m'khitchini mwakachetechete n'kuona ndi maso awo anti akuthira mchere mu kapu ya Tala. Anafunsa chifukwa. Anti anangoyang'ana pansi. Madamu anati khalas, zatha basi, Lamlungu, poti kuno ndi tsiku la ntchito, maofesi akatsegula viza ikakanselidwa, akwere ndege azipita.

Lachisanu limenelo sanapite ku tchalitchi. Cha m'ma 2 koloko ndinasuzumira pa khonde n'kuona galimoto yaikulu yoyera ikuima pansi. Munatuluka bambo wamtali wadazi akulimbana ndi sutukesi, kenako anti, Tala atawakanirira m'khosi. Anti anali atapempha kuti masiku otsalawo adikire kwathu, ndipo Tala analira mpaka kusanza, ndiye bambo ake anangomutenga kuti adzatsanzike. Bwana anakwera lifiti ndi sutukesi. Anti anakwera masitepe onse aja atanyamula mwana wa zaka zisanu.

Bwana Samer ankafuna kungosiya katundu pakhomo n'kubwerera, koma ababa sangalole mlendo kubwerera pakhomo, makamaka Lachisanu. Anapatsana salamu, ababa anawagwira dzanja osalisiya mpaka anawakhazika pa sofa. Anti Rosta anali alipo kale. Bwana ankapukuta thukuta, n'kunena m'Chingerezi kuti sakudziwa kuti musutukesimo muli miyala kapena chiyani.

Amayi analowa ndi anti kuchipinda kwanga kuti akapachike zovala, ine pambuyo. Atatsegula sutukesi, pamwamba panali yunifolomu ya kwaya, pansi pake mapaketi a mchere okhaokha, ondandalikidwa bwinobwino ngati njerwa. Amayi anakhala pa bedi.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

Anti anayankha kuti ndi wotsala, sanafune kuti madamu aupeze. Amayi anafunsanso, mofatsa, ndipo m'pamene zonse zinatuluka, za TV, za alangizi ndi kabotolo kawo, za Juni. Ine ndinakumbukira zimene ndinawauza tikutsuka mbale zija. Amayi anafunsa chifukwa chimene sanawauzire mabwanawo.

"Amake Zahra, munthu wakhala chaka pakhomo, wapeza ntchito, nyumba yonse ikuseka. Ndiye ine wa m'khitchini ndikamuuze kuti ntchito yanuyo itiphera mwana? Anthu amene sananditaye?"

Amayi anatenga paketi imodzi, n'kuwagwira anti pamkono, n'kutuluka nawo pa balaza. Anaika paketiyo pa tebulo pafupi ndi tiyi wa bwana. Anti Chingerezi amachitha, koma tsiku limenelo chinawathawa, ndiye ankayankhula Chichewa ababa n'kumamasulira. Atafika pa ayodini ine ndinalowererapo kuti ndine ndinawauza kuti ndi yemweyo. Ababa anandiyang'ana, diso lija lotanthauza kuti tikambirana bwino alendo akapita.

Bwana Samer anayamba ndi kuseka, kuseka kwenikweni, atagwira pamphumi. Kenako ababa anafika pa za Karonga, khoma ndi mwendo wa Lennah, ndipo kuseka kuja kunatha. Zoti kunali chivomezi ankadziwa, koma za mwendo anti anali asanawauzepo. Bwana anatenga paketi ija, n'kuitembenuza kuwerenga kumbuyo. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti ayodini wa mumchere ndi wochepetsetsa, woti munthu angafe ndi mcherewo asanapeze wokwanira kumuteteza ku poizoni uja. A ku Japan akupatsidwa mapilitsi apadera, ndipo amamwa pa nthawi ya ngoziyo, osati miyezi itatu isanachitike. Ananenanso kuti mchere wambiri umawononga impso za mwana.

Pamenepo anti anatsetsereka pa mpando n'kukhala pansi pa kapeti. Anamugwira Tala masaya, n'kumuyang'ana m'maso, m'kamwa, n'kumusisita pamimba ngati impsozo angazione. Misozi inkangotsika. Tala anawapukuta ndi malaya ake n'kuwauza m'Chichewa kuti basi, basi.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma anti anadzuka, n'kukonza mpango wawo, Chingerezi chija n'kubwerera.

"Bwana, ndalakwa, ndavomera. Koma ndifunse. Ku Japan kulibe mainjiniya?"

Bwana anati aliko, ndipo ndi akatswiri kwambiri.

"Sanawauze anthu kuti nyumbayo ndi yolimba?"

Anti Rosta anatsokomola. Ababa anayang'ana kudenga. Bwana Samer sanakwiye. Anati nthaka ya kuno si ngati ya ku Japan, nyanja yakenso ndi yosaya, ndipo chichitikireni ngoziyo iwo ndi anzawo akungokhalira kuwunikanso mapulani, kufunsana kuti madzi atakwera kufika apa chingachitike n'chiyani, magetsi atazima onse chingachitike n'chiyani. Anti anamvetsera zonsezo n'kunena kuti mmisiri wawo nayenso anamenya khoma ndi chikhatho. Bwana anapukusa mutu.

"Everlyn, sindingalumbire kuti palibe chingachitike. Chimene ndingakuuze n'choti konkire imene ndidzayang'anire ine, mwana wanga azidzagona pafupi nayo. Nanenso zithunzi zija zimandibwerera."

Anatuluka pa khonde kukaimbira madamu. Anayankhula nthawi yaitali m'Chiarabu, ndipo ine ndi Chiarabu changa cha kusukulu ndinangotolapo wallahi kambirimbiri ndi mawu oti mchere. Tiyi anazizira, amayi anapanga wina. Anti Rosta ananong'oneza anti kuti akabwezedwa kumudzi asadandaule, katundu wotsegulira okala ali naye kale. Anti anawamenya ndi mpango, akulira n'kusekanso.

Bwana atabwerera anati madamu amvetsa koma mtima sunatsike, chifukwa anafunsa kangapo konse ndipo ananamizidwa ndi sore. Viza siikanselidwa. Koma ngati anti abwerera ku Mirdif, kuphika ayamba asiya, madamu aziphika okha mpaka adzaone. Ndinaona nkhope ya anti pamene ananena zimenezo. Kuwachotsa m'khitchini anti Everlyn n'chilango chachikulu kuposa kuwakalipira. Kenako bwana anawonjeza kuti ngati ku Ruwais akuopa, iye sawakakamiza. Awalembera kalata yabwino n'kuwathandiza kupeza banja lina mu Dubai momwe muno, azipitabe ku tchalitchi chawo, azibwerabe kwathu.

Kunena zoona ine ndinkafuna asankhe zimenezo. Ndinkawayang'ana n'kumagwedeza mutu kuti avomere. Amayinso anati achemwali, ganizani bwino, palibe angakunenezeni. Anti anafunsa funso limodzi lokha, ngati Tala akupita ku Ruwais. Bwana anati eya, akupita.

"Ndiye mukundifunsiranji?"

Anapempha zinthu ziwiri, ataimirira bwinobwino ngati ali pa maso pa abusa. Choyamba, nyumba ya kumeneko ikhale yapansi, yopanda masitepe. Chachiwiri, bedi la Tala lisagundane ndi khoma. Bwana anati choyambacho ayesetsa, inshallah, chachiwiricho achita lero lomwe. Mchere wonse unatsala kwathu, amayi n'kugawira buloko yonse, mpaka mlonda wa ku Nepal analandira mapaketi awiri akudabwa kuti kwathu kuli mwambo wanji. Bwana anati yalla, tiyeni, n'kunyamula sutukesi ndi dzanja limodzi.

Madamu anapirira kuphika okha masabata asanu. Anti ankatiuza kuti ankaima pakhomo pa khitchini akuona anyezi akupserera, manja atawabisa kumbuyo kuti asalowerere. Tsiku lina madamu anangowapatsa chipande n'kutuluka. Ine ababa anandipatsa chilango choti ndiwerenge mutu wonse wa ayodini n'kuwafotokozera amayi m'Chiyao, chimenenso sindichidziwa bwino.

Anasamuka kumapeto kwa Juni. Ku Ruwais ndi kutali, maola atatu pa galimoto, kulibe metro, ndiye Lachisanu lathu linachepa. Anti Rosta amayesa kuphika mbalagha koma imakhala ngati phala. Anti amaimba foni masana tikatha kudya, ndipo foniyo imazungulira nyumba yonse. Nyumba anapezadi yapansi. Akuti kumeneko n'mchenga ndi mapaipi basi, malo a ntchito ya bwana sanawaonebe, amangoona malole akupita.

Sabata yatha ndinawafunsa ngati mantha anatha. Anati ayi, sanathe, koma anapeza chochita nawo. M'mawa uliwonse kusanatenthe amatenga Tala n'kuyenda mpaka kunyanja. Pali mwala wina umene anausankha, ndipo amakaona pamene madzi afika. Tala ndiye amathamanga kutsogolo kukayang'ana, n'kubwera kudzanena. Ndinafunsa kuti nanga tsiku lina akadzapeza madzi apitirira mwalawo adzatani.

"Ndidzamubereka," anatero. "Wakula, koma ndidzamubereka. Apatse amako foniyo."